Madzi Akadutsa Mita Ndi Anu

Ana anga, inu amene mwayamba kumanga ku Machinjiri, ku Chileka, ku Chigumula ndi ku Mpemba, ndi inunso amene mukadali pa lendi ku Chitawira ndi ku Zingwangwa koma mwatopa n'kudikira landilodi, ndaona kuti masiku ano mapaipi mwayamba kuwagwira nokha. Loweruka m'mawa ndimakuonani ku Limbe ndi mumsika wa Ndirande, maelibo ali m'jumbo, foni ili m'manja, mukuonetsa wogulitsa shawa imene mwaiona pa YouTube. Sindikukuletsani ayi. Chigwere kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, munthu amene amaitana pulambala kuti adzangosintha washala ndiye kuti ndalama zikumuyabwa. Chimene ndikufuna n'chakuti musanagwire sipanala mudziwe madzi amene mukulimbana nawo, chifukwa madzi a mu Blantyre ali ndi khalidwe lawolawo, ndipo mnyamata wa pa YouTube uja sanagonepo ku Bangwe.

Madzi ambiri amene timamwa mumzinda muno ndi a mu Shire. A Blantyre Water Board, bungwe limene linayamba mu 1929, amawatunga ku Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera m'tauni, n'kuwakankha ndi mapampu a magetsi kudzera ku Chileka mpaka akwere mamita pafupifupi 800. Damu la Mudi, la m'zaka za m'ma 1950, limangothandizira pang'ono. Mu 2019 anawonjezera madzi a ku Likhubula ku Mulanje, malita 20 miliyoni pa tsiku, amene amayeretsedwa ku Nguludi. Zonsezi n'za mzinda umene pa kalembera wa 2018 unali kale ndi anthu oposa 800,000. Madzi sayenda okha kukwera phiri, ndipo n'chifukwa chake magetsi akavuta ku Nkula, m'mipope mwathu mumangotuluka mphepo. A Water Board eni ake amavomereza kuti pafupifupi theka la madzi amene amapopa silibweretsa ndalama: ena amatayika m'mapaipi ophulika, ena amabedwa. Limenelo ndi vuto lawo, ndipo tili ndi ufulu wowafunsa. Koma dontho lililonse likangodutsa mita, lalowa m'dzina lanu. Kaya mwamwa, kaya lathirira udzu kuseri kwa bafa, bilu siisankha.

Malire akewo muwasunge bwino. Kuchokera kumsewu kufika pa mita, mitayo pamodzi, n'za a Water Board. Pakatayikira pamenepo, kaneneni. Musamasule, musamange, ndipo wina akakunong'onezani kuti angathe kukulambalalitsirani paipi kuti mita izipuma, muuzeni apite. Chindapusa chake n'chowawa, ndipo kudulidwa madzi anthu a pamzere akuonerera n'kowawa koposa. Kuchokera pa mita kulowa m'nyumba ndi kwanu.

Ntchito yoyamba, musanagule n'kachitsulo komwe, ndi kupeza potsekera madzi a nyumba yonse. Ambiri mwa inu mumadziwa pamene pali main switch ya magetsi, koma nditakufunsani stopcock mungayambe kukanda m'mutu. Imakhala pafupi ndi mita, kumbali yanu, nthawi zina itakwiririka ndi dothi kapena itamera kapinga. Ifukuleni, muitseke, mupite kukatsegula mpope wa panja muone ngati madzi asiyadi. Zambiri zakale zimangozungulira osatseka. Ikakhala yotero, imeneyo ndiyo yoyamba kusintha, shawa yokongola idikire. Mukatero muonetse aliyense wa pakhomo, ana ndi wantchito omwe, chifukwa tsiku limene paipi idzaphulike inu mudzakhala muli pa mzere wa minibasi ku Mibawa, pakhomo pali mwana wa Sitandade 6 yekha.

Kenako muifunse mita ngati m'nyumba mwanu muli wakuba. Usiku, onse atasamba, tsekani mipope yonse, lembani manambala a pa mita, ofiira omwe, muuze anthu asagwetse madzi m'toileti mpaka kuche. M'mawa werenganinso. Manambala akasuntha, penapake pakutayika madzi. Amene muli ndi mita za prepaid mumaona msanga chifukwa mayunitsi amatha mwezi usanafike pakati, komabe ndimamva ena akuti mita ikuba. Mita zowonongeka zilipo ndithu, koma musanapite kukakangana ku ofesi, yambani mwayesa zimenezi.

Wakuba woyamba ndi mpope wodontha, umene anthu amauzolowera mpaka kuuikira beseni. Tsiku limodzi lili ndi masekondi 86,400. Mpope wodontha kamodzi pa sekondi umadzaza chigubu cha malita 20 pa tsiku, zigubu 30 pa mwezi. Funsani mayi wa ku Mbayani amene amagula madzi pa kiyosiki n'kusenza kukwera nawo chitunda kuti zigubu 30 n'chiyani. Chonsecho matenda ake ndi kamphira kamodzi ka m'kati. Tsekani madzi, masulani mutu wa mpope, chotsani washala yakutha, pitani nayo kusitolo kuti akupatseni yofanana nayo, bwezeretsani. Ngati yatsopano ikudonthabe, ndiye kuti pokhalira pake padyeka, ndipo mpope wonse wafika posintha. Chimene chimapha mawashala ndi dzanja: mpope ukayamba kudontha, anthu amaukanyanga mwamphamvu, mphira ija n'kuphwanyikiratu.

Wakuba wamkulu sachita phokoso. Amakhala m'kathanki ka toileti. Ball valve ikatopa, kapena kamchenga kakalowa pakamwa pake, madzi saleka kulowa. Kamphira ka pansi kakalimba, madzi amatsetsereka mwakachetechete usana ndi usiku, malita mazanamazana. Pukutani kumbuyo kwa mbale ya toileti m'kati, mumatepo kapepala kouma, mudikire osagwetsa madzi. Kakanyowa, mwamugwira. Zida za m'kathankika zimagulitsidwa pazokha ndipo munthu wodekha amasintha yekha. Wakuba wina amabisala pansi pa nthaka. Mu Okutobala, kapinga yense atauma, mukaona kachigawo kamodzi kobiriwira bwino pakati pa mita ndi nyumba, musayamike nthaka. Kumbani.

Tsopano ndinene za mphira, chifukwa apa m'pamene mtima wanga umawawa. Palibe Mmalawi amene sadziwa kumanga paipi ndi mphira ya chubu. Timadula kachingwe, timakulunga mokoka, timamanga mfundo, madzi aleka, tati zatheka. Monga chithandizo cha usiku umodzi, kudikira kuti masitolo atsegule, mphira ilibe mlandu. Mlandu ndi woti usiku umodziwo umasanduka zaka. Yendani m'tinjira ta ku Ndirande kapena ku Chilobwe muone mapaipi akuda oyenda pamtunda, odutsa m'ngalande, aliwonse ali ndi mabandeji ake a mphira. Anthu amaganiza kuti paipi yobooka imangotaya. Imamwanso. Madzi akasiya, amene anatsala m'paipi amatsetserekera kumunsi, ndipo m'mbuyo mwawo paipi imayamwa chilichonse chimene chili pabowo: madzi a m'ngalande, zotuluka m'bafa la aneba, zosefukira m'chimbudzi chokumba nthawi ya dzinja. Madzi akabwera, zonsezo zimathamangira kumpope wanu. Simunaiwale kolera imene inayamba mu Malichi 2022, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, mpaka sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulira mu Januwale 2023. Sindikunena kuti yonse inadzera m'mapaipi. Ndikunena kuti paipi ya madzi akumwa yomangidwa mphira, itagona m'ngalande, ndi khomo losatseka. Dulani pobookapo, ikani cholumikizira chenicheni cha saizi yake, ndipo paipiyo muikwirire mozama, kutali ndi chimbudzi, pamene khasu la wolima m'mbali mwa mpanda silingaipeze.

Khalidwe lina la madzi athu ndi kusinthasintha mphamvu. Mzinda uno unakhala pakati pa mapiri, Ndirande, Soche, Michiru, Mpingwe, Bangwe, ndipo kutsika kulikonse kwa mamita 10 kumawonjezera mphamvu ya madzi ndi bar imodzi. Wokhala kumtunda amalira kuti madzi amafika pakati pa usiku okha, wa kumunsi amalira kuti mapaipi akuphulika. Usiku anthu akagona, mipope yonse itatsekedwa, mphamvu imakwera. Joini imene masana inaoneka youma imayamba kulira cha m'ma 2 koloko. Choncho ntchito ya paipi musaiyamikire tsiku lomwelo. Igone kaye. Ngati kwanu mphamvu ndi yoopsa, moti mpope ukatsegulidwa ndowa imachita kudumpha, pali vavu yochepetsa mphamvu imene imaikidwa pafupi ndi mita, ndipo mtengo wake suposa wa matailosi amene mudzaswe posaka pophulika.

Madzi akasowa tsiku lonse, m'mapaipi mumadzaza mpweya. Pobwera amabwera mwaukali, akutsokomola, atatenga dzimbiri ndi matope. Kugunda kumeneko n'kumene kumamasula majoini ndi kung'amba timapaipi tofewa ta pansi pa sinki. Chizolowezi chabwino n'chakuti madzi akapita, tsekani stopcock. Akabwera, tsegulani kaye mpope wa panja, kenako stopcock pang'onopang'ono, mpweya ndi zofiirazo zitulukire kunja, zisakatseke shawa ndi ball valve. Ndipo musagone mutasiya mpope wa m'bafa wotsegula kuti mumve madzi akabwera. Ambiri achita zimenezi, tulo n'kuwaba, m'mawa n'kupeza mphasa ndi thumba la ufa zikusambira.

Amene muli m'nyumba zakale za Malawi Housing Corporation ku Nkolokosa, ku Kanjedza kapena ku Chitawira, kapena nyumba zina zomangidwa nthawi ya Kamuzu, dziwani kuti m'makoma mwanu muli mapaipi achitsulo amene akhala akudyedwa ndi dzimbiri kuyambira inu musanabadwe. Kunja amaoneka amphumphu, m'kati njira inatsala yopyapyala, ndipo n'chifukwa chake shawa imangolira misozi pamene mpope wa panja ukuthamanga. Paipi yotere ndi yokwiya msanga. Mukaipotoza ndi bobojani imodzi, mphamvu yanu imayenda mpaka pa joini ya m'kati mwa khoma, n'kuthyola kumeneko. Gwirani ndi ziwiri, ina yogwiriziza, ina yopotoza. Ikakana, musaikakamize ndi chitsulo chowonjezera; nthawi zambiri nzeru ndi kuisiya m'khomamo ife yokha, n'kuyendetsa paipi yatsopano kunja kwa khoma kumene maso angaione. Musalumikizenso kopa ndi chitsulo mwachindunji, chifukwa zikakhudzana m'madzi chitsulocho chimadyeka msanga. Ntchito yotere musaiyambe Lamulungu masana masitolo atatseka, pokhapokha ngati mukufuna banja lonse ligone osasamba likukuyang'anani.

Pogula zida, tengani chakalecho m'thumba. Hafu inchi ndi three quarter zimafanana m'maso mwa munthu amene wangoyamba, ndipo ulendo wobwerera ku Limbe kukasinthitsa soketi umadya ndalama yoposa soketiyo. Mapaipi apulasitiki nawo si amodzi. PVC imalumikizidwa ndi guluu wake, siifuna madzi otentha, ndipo ikakhalitsa padzuwa imauma n'kumasweka. Yakuda ija ya HDPE ndi ya pansi pa nthaka, ili ndi zolumikizira zake zomanga ndi manja. IPS imadulidwa mazinga ngati chitsulo. PPR, yobiriwira nthawi zambiri, imapirira madzi otentha koma imawotcheredwa ndi makina, ndipo wosazolowera akaitenthetsa kwambiri, pulasitiki imasungunukira m'kati n'kutseka njira, kunja kukuoneka bwinobwino. Musasakanize mitundu ndi guluu poganiza kuti pulasitiki ndi pulasitiki. Ndipo chonde lekani kufewetsa paipi pamoto wa mapepala kuti ilowe mwa inzake. Imalowa, inde, koma pamene yapsapo m'pamene idzang'ambikire.

Za mipope yonyezimira yotchipa, akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Inyamuleni m'manja. Wa brass weniweni umalemera. Wopepuka uja ndi chitsulo chosakaniza chopakidwa kunja, ndipo tsiku lina khosi lake lidzatsalira m'khoma mutu uli m'manja mwanu. Ndalama zikachepa, gulani mpope wamba wolimba umene washala yake imapezeka paliponse, kusiyana ndi mixer yamakono imene kachida kake ka m'kati kakafa mudzazungulira Limbe yense, Ginnery Corner mpaka Haile Selassie Road, osakapeza.

Thread tape ili ndi mbali yake. Yang'anani kukamwa kwa paipi, mukulunge motsata mmene muvi wa wotchi umayendera, mokoka, kuti pomanga isafunyuluke. Pamene pali kale kamphira kotsekera, monga pa timapaipi tofewa ta sinki, tepi siithandiza kanthu. Pamenepo chofunika ndi kamphira kabwino ndi kumanga mwachifatse. Achinyamata muli ndi mphamvu zambiri, ndipo ndiyo imakupwetekani. Nipo yachitsulo ikalowa mu soketi yapulasitiki n'kumangidwa mopitiriza, soketi imang'aluka kamng'alu kosaoneka, kamene kadzayambe kulira pakapita sabata. Guluu wa PVC naye amafuna paipi youma, yoyera, yodulidwa mowongoka, ndi nthawi yoti agwire monga zalembedwera pachitini. Mukatsegula madzi msanga chifukwa ana akufuna kusamba, mwataya guluu ndi elibo yomwe.

Inu amene mukumanga, mawu awa muwamvetse: musalole kuti pulasitala kapena matailosi aphimbe paipi imene siinayesedwe. Tsekani kumapeto konse, lowetsani madzi, asiyeni usiku wathunthu kapena uwiri, muyende ndi kapepala kouma joini iliyonse. Mmisiri wa matailosi adzakufulumizitsani chifukwa ali ndi ntchito ina ku Chirimba, musamumvere. Musanaphimbe, jambulani makoma onse ndi foni, tepi yoyezera ili pomwepo, zithunzizo muzisunge pabwino. Tsiku lina mudzafuna kukhoma msomali wa galasi m'bafa. Muikenso kavavu kotsekera pa toileti, pa sinki ndi pa giza, kuti chimodzi chikadwala musamatseke nyumba yonse.

Thanki aliyense akuifuna, ndipo m'pomveka. Amene analipo mu Januwale 2015, madzi osefukira atadzaza matope potungira ku Walker's Ferry, kapena mu Malichi 2023 nthawi ya namondwe Freddy, akudziwa kuti mzinda uno ungathe kuuma masiku angapo. Koma lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Thanki ya malita 5,000 ikadzaza ndi matani 5, ndiye muganize kawiri musanaikweze pa nsanja yowotcherera ndi mnyamata wa mageti, pafupi ndi pamene ana amasewera. Nsanja ndi maziko ake si ntchito yoyesera. Pansi pa thanki pakhale pathyathyathya pogwira thako lonse, chivindikiro chikhale chotseka kuti udzudzu ndi abuluzi asalowe, ndipo paipi ya madzi osefukira iloze poonekera kuti ball valve ikafa mudziwe tsiku lomwelo. Pamene paipi ya thanki ikukumana ndi ya a Water Board pafunika non-return valve. Popanda imeneyo, madzi akapita, thanki yanu imakhuthukira kumsewu kukamwetsa aneba madzi amene mwalipira kale. Musayembekezenso zodabwitsa: thanki yokwera mamita 3, shawa ili pa mamita 2, mphamvu yotsala ndi yochepa kwambiri, ndipo shawa yaikulu ngati mbale imene munaiona pa foni idzangodontha. Mukafuna pampu, ikokere m'thanki. Pampu yokoka mwachindunji m'paipi ya a Water Board imalanda madzi a anzanu apamzere, ndipo imayamwitsa zonyansa m'mabowo onse a m'njira.

Pa giza ndi pamene manja anu ayenera kuima. Pamenepo madzi akumana ndi magetsi ndi kutentha, ndipo kulakwitsa kwake si bilu, ndi maliro. Giza ili ndi vavu yotulutsa mphamvu ikachuluka, ndipo kapaipi kake kamadontha pang'ono madzi akamatentha. Ndiyo ntchito yake. Anthu ena kudonthako kukawanyansa amatsekapo ndi pulagi. Thermostat ikadzafa tsiku lina, madzi n'kuwira opanda potulukira, chimene chimachitika ndi kuphulika kogwetsa denga. Kapaipiko kakamachucha kosalekeza, itanani wodziwa. Chanu n'kuzimitsa giza madzi akapita, chifukwa element ikayaka popanda madzi imapsa. Mashawa otenthetsa pompopompo aja, amene waya wake amalowa pamutu penipeni pa munthu wonyowa, asamangidwe ndi wina aliyense koma wamagetsi wa chiphaso cha MERA, ndipo waya wa earth akhalepo ndithu. Mukamva kachitsulo ka shawa kakukunyerenyetsani m'manja, musati n'zazing'ono; zimitsani, ndipo asasambemo munthu mpaka wamagetsi aone. Chimodzimodzi mapaipi a zonyansa ndi septic tank: kutsetsereka kwake kukalakwika, mudzakhala mukutokosa ndi waya mpaka kalekale, ndipo m'dzenjemo musalowe, mpweya wake umapha.

A pa lendi, washala sinthani, musadikire munthu. Koma chilichonse chofuna kuswa khoma kapena kusintha chida chachikulu, yambani mwauza landilodi, mugwirizane ngati ndalamayo idzachotsedwe pa lendi, ndipo mgwirizanowo ukhale wolembedwa, ngakhale pa WhatsApp pomwe, malisiti muwasunge. Pa poloti ya mabanja asanu ndi mita imodzi, mpope wa panja umakhala wopanda mwini, aliyense amati akonza mnzake, mpaka bilu ikabwera anthu n'kuyamba kuwerengerana kuti uyu amachapa kwambiri, uyu ali ndi alendo. Sonkhani ya washala lero. Ndi yochepa kuposa ya mlandu.

Mukafika poitana pulambala, si aliyense wonyamula bobojani pamphambano amene ali pulambala. Funsani kumene anaphunzira, kaya ku sukulu ya ntchito zamanja ya pansi pa TEVETA, kaya ali ndi pepala la trade test, kaya anakulira m'manja mwa mmisiri wodziwika. Ndipo koposa pepala, funsani nyumba imene anagwirako chaka chatha, mukamve kwa eni ake ngati makoma akadali ouma. Zida akulembereni, mukagule limodzi kapena mugule nokha, zotsala zikhale zanu. Akamagwira, musapite kukaonera mpira. Khalani pomwepo, mum'patsire sipanala, mufunse chifukwa chimene waikira yuniyoni apa osati apo. Mmisiri weniweni sakwiya ndi mafunso, ndipo mukatero kawiri katatu, ntchito zing'onozing'ono simudzamuitaniranso. Mukagwirizana mtengo musamunyenyerere, pakuti luso lake ndi limene likudyetsa ana ake. Koma muuzeni poyamba pomwe kuti gawo lomaliza la ndalama adzalandira mawa lake, madzi a usiku atadutsamo, inu ndi iye mutayenda joini iliyonse ndi kapepala kouma.